Chikhulupiriro Chathu ndi Ufulu wa Mwana Wamkazi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mumpingo uliwonse muli buku lolembamo ana. M'bukumo mbusa kapena mlembi wa mpingo amalemba dzina la khanda, maina a makolo ake, mudzi wake ndi tsiku limene linabadwa. Pa tsiku lobwera nalo kutchalitchi makolo amaimirira kutsogolo nalonjeza kulera mwanayo m'kuopa Mulungu, ndipo mpingo wonse umakhala mboni. Pakapita zaka 14 kapena 15 dzina lomwelo limamvekanso, koma tsopano m'manong'onong'o, akuti wapita kubanja. Sukulu wasiya, kukalasi sakuonekanso, ndipo pakwaya malo ake akhalapo wina. Munthu wapadera, poona msinkhu wake, anganene kuti mwanayo wakula. Koma mpingo sungathe kunena chomwecho, pakuti tsiku lake lobadwa lili m'buku mwathu, lolembedwa ndi dzanja lathu.

Ambiri a ife nkhani ya maufulu a anthu timaimva pawailesi, kapena kwa anthu a mabungwe amene amabwera pagalimoto kudzachititsa msonkhano pansi pa mtengo, nabwerera dzuwa lisanalowe. Chifukwa cha ichi ena amaiyesa nkhani ya andale ndi alendo, yosakhudza guwa kapena gome la Ambuye. M'nkhani ino ndikufuna tione pamodzi kuti kuteteza mwana wamkazi kuti asakwatiwe asanakhwime ndi ntchito ya chikhulupiriro, ndiponso kuti pa nkhani imeneyi mpingo uli ndi mphamvu yoposa ya bungwe lililonse, chifukwa ife tili m'mudzi momwemo Lamulungu ndi Lolemba lomwe, chaka ndi chaka.

Kukula kwa vutoli

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa chaka cha 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'dziko la Mozambique, 48 anali atalowa m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo 14 anali atalowa asanakwanitse zaka 15. Kafukufuku wina wa mtundu womwewo, wa 2022 mpaka 2023, anapezanso 48 yemweyo. Ndiye kuti pa zaka zoposa khumi vutoli silinasunthe kwenikweni. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene mchitidwewu uli wochuluka koposa pa dziko lonse lapansi, ndipo wafala kumidzi kuposa m'tauni.

Powerenga ziwerengero zotere tisaganize kuti ndi ana a anthu osapemphera okha. M'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde nyumba za mapemphero zili ponseponse, ndipo belu kapena chitsulo cha tchalitchi chimamveka m'midzi yambiri. Ngati pafupifupi theka la atsikana akukwatiwa ali ana, ndiye kuti ambiri mwa iwo ndi ana a Akhristu, ankhoswe awo ndi Akhristu, ndipo ena mwa amuna owatengawo timaimba nawo nyimbo imodzi. Choncho vutoli lili m'nyumba mwathu, ndipo n'chifukwa chake liyenera kukambidwa m'nyuzi ya mpingo.

Ufulu wa munthu unachokera kuti?

Pa 10 Disembala 1948 maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana pa chikalata cha maufulu a anthu onse. Ndime 16 ya chikalatacho imaika ukwati m'manja mwa anthu akuluakulu, ndipo imafuna kuti onse awiri avomere mwa iwo okha. Mu 1989 kunabwera pangano la maufulu a ana, limene Mozambique inalivomereza mu 1994. Mu Julaye 2003 atsogoleri a maiko a mu Africa, atasonkhana mumzinda wathu wa Maputo, anagwirizana pa pangano la maufulu a amayi, ndipo anaika zaka 18 ngati msinkhu woyambira kukwatiwa. Malamulo aakulu a dziko lino a 2004 nawonso, m'ndime 36 ndi 47, amanena za kufanana kwa mwamuna ndi mkazi pamaso pa lamulo ndiponso za kutetezedwa kwa ana.

Zikalata zonsezi ndi zabwino, koma Mkhristu sanayambire kwa izo kudziwa mtengo wake wa munthu. Mutu woyamba wa Genesis unatiphunzitsa kale kuti mwamuna ndi mkazi, onse awiri, anapangidwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ulemu wa mtsikana wa zaka 13 sanaulandire kwa atsibweni ake kapena kwa boma, kotero kuti palibe mmodzi wa iwo angaugulitse. M'buku la Eksodo mutu 1 azamba awiri, Sifra ndi Puwa, anakana lamulo la Farao lopha makanda chifukwa anaopa Mulungu. M'buku la Numeri mutu 27 ana aakazi asanu a munthu amene anamwalira wopanda mwana wamwamuna anaimirira pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate wawo, ndipo Mulungu anaweruza kuti atsikanawo ananena zoona. Miyambo 31 imalamula mfumu kutsegula pakamwa pake m'malo mwa iwo amene sangathe kudzilankhulira. Mtumwi Paulo naye, pamene anafuna kumukwapula asanazenge mlandu wake, anakumbutsa asilikali za ufulu wake monga nzika ya Roma, monga timawerengera pa Machitidwe 22. Sanaone ngati kutero ndi kuchepa kwa chikhulupiriro.

Koposa zonse tili ndi chitsanzo cha Ambuye wathu. Pa Marko 5 timamva za mwana wa Yairo, mtsikana wa zaka 12. Yesu anasiya khamu la anthu, nalowa m'nyumba ya maliro chifukwa cha mwana mmodzi wamkazi, namugwira dzanja, namuukitsa. Atatero analamula kuti amupatse chakudya. Mau otsirizawa tisawadumphe. Iye amene anali ndi mphamvu pa imfa anasamalanso za njala ya mwanayo. Mtumwi Yakobo, m'mutu 2 wa kalata yake, anafunsa phindu la kufunira mafuno abwino mbale wausiwa ndi wanjala, osamupatsa kanthu. Chikhulupiriro chotere anachiyerekeza ndi mtembo.

Makolo athu m'chikhulupiriro anaima pati?

Mpingo wa m'dziko lino umadziwa tanthauzo la kulandidwa ufulu. Mishoni ya Mphatso ku Angónia, imene inayamba mu 1909, inatsekedwa ndi boma la Apwitikizi mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri Akhristu ankadumpha malire kupita ku Malawi kuti akabatizidwe ndi kulandira Mgonero. Mu 1972 Mbusa Zedequias Manganhela, mtsogoleri wa mpingo wa Presbyterian, anamangidwa ndi apolisi achinsinsi a atsamunda, ndipo anafera m'ndende ya Machava mu Disembala chaka chomwecho. Mwezi womwewo, pa 16, asilikali a atsamunda anapha anthu mazana angapo ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Nkhaniyi ikanakwiriridwa pamodzi ndi anthuwo, koma ansembe ndi masisitere a Chikatolika anasonkhanitsa maina ndi umboni, ndipo Bambo Adrian Hastings anaifalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973.

M'nthawi ya nkhondo ya zaka 16, atsogoleri a Conselho Cristão de Moçambique pamodzi ndi mabishopu a Chikatolika anayenda uku ndi uku kukakambirana ndi mbali zonse ziwiri, kufikira pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi zipangizo zomangira nyumba, ndipo zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Anthu amenewa anapemphera, koma atanena Amen anadzuka nagwira ntchito, ena mpaka kutaya moyo.

Mbiri iyi timaikamba monyadira, chifukwa ochita zoipawo anali atsamunda ndi anthu a mfuti. Mayeso a mbadwo wathu ndi ovuta mwa njira ina. Amene akulanda ufulu wa mwana wamkazi lero alibe yunifomu. Kawirikawiri ndi mbale wathu, mnansi wathu, ndipo nthawi zina ndi munthu amene amapereka bwino chopereka cha masika.

Chimene mwanayo amataya

Choyamba amataya thanzi, ndipo ena amataya moyo. Mtsikana akatha msinkhu sindiye kuti thupi lake latha kukula. Mafupa a m'chiuno amakhala asanatambasuke mokwanira, ndipo pa nthawi yochira khanda limatha kukanika kutuluka. Mayi akakhala tsiku lonse kapena masiku awiri ali m'matenda, mutu wa khanda umapanikiza minofu ya mkati mpaka kuiononga, chikhodzodzo chimabooka, ndipo mkodzo umangotuluka osatha kuuletsa. Amenewa ndi matenda a fisitula. Kawirikawiri khandalo limafa, mwamuna amathawa fungo, ndipo mtsikanayo amachita manyazi ngakhale kulowa m'tchalitchi. Madokotala amatha kuchiza matendawa pochita opaleshoni, koma ambiri odwala amabisala m'nyumba zaka ndi zaka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanenanso kuti atsikana osakwana zaka 20 ali pa ngozi yaikulu ya kuthamanga kwa magazi kodzetsa kukomoka pa nthawi ya pakati, ndipo ana awo amabadwa osakwana masiku kapena ochepa thupi kawirikawiri kuposa ana a amayi okhwima. Kwathu kuno, kumene chipatala chili kutali ndipo misewu imaduka nthawi ya dzinja, ngoziyi imakula kwambiri.

Chachiwiri amataya sukulu. Mtsikana amene wasiyira m'kalasi 6 adzavutika kuwerenga pepala la mankhwala a mwana wake, kuwerengera mtengo wa thumba la mbatatesi pamsika, ngakhale kudziwerengera yekha Mau a Mulungu. Ife a mipingo ya Chiprotestanti tinakula ndi chiphunzitso chakuti Mkhristu aliyense azitha kutsegula Baibulo ndi manja ake, ndipo n'chifukwa chake amishoni kulikonse kumene anafika anayamba ndi sukulu. Pochotsa mwana m'kalasi timagwetsa chimene makolo athu anamanga.

Chachitatu amataya mau. Mwana wa zaka 14 sangatsutsane ndi mwamuna wa zaka 30 pa nkhani ya ndalama, ya kuyezetsa magazi kapena ya nkhanza. Akamenyedwa n'kuthawira kwawo amauzidwa kuti banja ndi kupirira, nabwezedwa. Ukwati umene Genesis 2 imaufotokoza ndi wa anthu awiri othandizana ndi oyenerana. Mwana ndi munthu wamkulu sangakhale otero.

Zifukwa zimene makolo amapereka

Tisafulumire kuweruza makolo tisanamve zifukwa zawo, pakuti ambiri amakonda ana awo. Chifukwa choyamba ndi umphawi. Chaka cha chilala, monga 2016 ndi 2024 pamene mvula inavuta m'madera ambiri a chigawo cha Tete, nkhokwe ikauma m'nyumba ya ana asanu ndi awiri, mnyamata wa njinga yamoto kapena bambo wogula mbewu akabwera ndi thumba la chimanga amaoneka ngati yankho la pemphero. Ena amapereka mwana chifukwa cha ngongole ya feteleza imene yawakanika.

Baibulo limaidziwa bwino nkhani imeneyi. Pa Nehemiya 5 timawerenga kuti m'nthawi ya njala anthu osauka a ku Yerusalemu anapinyolitsa minda ndi nyumba zawo kuti apeze tirigu ndi ndalama za msonkho, ndipo ena mwa ana awo aakazi anali atatengedwa kale ukapolo ndi Ayuda anzawo. Nehemiya atamva anakwiya kwambiri. Koma taonani amene anawadzudzula. Anaitanitsa msonkhano waukulu natsutsa olemera ndi akuluakulu amene anapezerapo mwayi pa njala ya abale awo, nawalumbiritsa pamaso pa ansembe kuti abweze minda ndi kuleka katapila. Iye mwini anakana chakudya chimene anayenera kulandira monga kazembe, kuti asalemetse anthu. Phunziro lake n'lakuti mpingo umene ukuletsa kholo losauka kukwatitsa mwana uyeneranso kufunsa kuti banjalo lidya chiyani mawa, ndiponso kudzudzula wokongozayo ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Chifukwa chachiwiri ndi mimba. Mtsikana akapezeka ndi pakati, abale amathamangira kukamutula kunyumba ya mwamunayo kuti achotse manyazi. Ena amatchula 1 Akorinto 7, pamene Paulo analangiza ukwati kwa iwo osatha kudziletsa. Koma Paulo ankalembera anthu akuluakulu, mbeta ndi amasiye, otha kudzisankhira okha. Ngati amene wapereka mimbayo ndi munthu wamkulu, ndiye kuti mwanayo wachitiridwa nkhanza, ndipo kumutula kwa munthuyo kuli ngati kupereka mbuzi kwa fisi amene waigwira kale mwendo. Ngati onse awiri ndi ana, kuwamangira nyumba ndi kuonjeza vuto lachiwiri pa loyamba. Mtsikanayo akhale kwa makolo ake, apite kusikelo, akachilire kuchipatala, ndipo banja la mnyamata lithandize kulera khandalo. Tikumbukirenso nkhani ya pa Yohane 8. Anthu anakokera mkazi yekha kwa Yesu, mwamuna osaoneka, ndipo Ambuye sanagwirizane ndi chiweruzo chokondera chotero.

Chifukwa chachitatu ndi mwambo. Amati namwali akavinidwa kapena kulangizidwa ndiye kuti wakula, ndipo agogo athu anakwatiwa chomwecho. Miyambo yathu ili ndi zabwino zambiri: ulemu kwa akulu, udindo wa ankhoswe, ndi chisamaliro cha mwini mbumba pa ana a alongo ake. Koma mwini mbumba anaikidwa kuti akhale mpanda wa mbumba yake. Ndipo tikafunsa agogo omwewo mofatsa, adzatiuza za anzawo amene anapita ndi uchembere woyamba, amene sali pano kuti achitire umboni. Ena amanenanso kuti Mariya anabala Ambuye ali wamng'ono. Baibulo silitchula zaka za Mariya paliponse, ndipo si bwino kumanga chiphunzitso pa chinthu chimene Malemba sananene. Chimene Malemba ananena n'chakuti ngakhale m'masiku a Abrahamu abale a Rebeka anamuitana namufunsa ngati afuna kupita, monga zilili pa Genesis 24.

Lamulo la dziko likuti chiyani?

Lamulo la banja la 2004 linaika zaka 18, koma linasiya mpata wakuti wa zaka 16 akwatiwe makolo akavomera. Mu 2019 mpata umenewu unatsekedwa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo nambala 19/2019 loletsa ndi kuthana ndi maukwati a ana. Mwa lamuloli, munthu wamkulu wokwatira kapena kukhala ngati banja ndi mwana wosakwana zaka 18 angathe kumangidwa zaka 8 mpaka 12. Kutomera mwana nakonso n'koletsedwa. Makolo ndi abale okakamiza kapena kupereka mwana ali ndi chilango chawo, chimodzimodzinso mfumu kapena mtsogoleri wa chipembedzo amene amangitsa ukwati wotere akudziwa. Kuvomera kwa makolo sikufafaniza mlanduwo.

Pa za sukulu, lamulo la maphunziro la 2018 linakhazikitsa kuti mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka 9. Kale kunali lamulo la unduna la 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku, koma linachotsedwa mu Disembala 2018. Choncho mwana amene ali ndi pakati kapena amene wabereka ali ndi ufulu wopitiriza sukulu masana pamodzi ndi anzake. Makolo ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ndi bwino azimve kuchokera kwa ife. Pa Aroma 13 timaphunzira kuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wotichitira zabwino. Pamene lamulo la dziko likuteteza wofooka, Mkhristu ayenera kukhala woyamba kulisunga.

Chitsanzo cha kutsidya kwa malire

Ena amati zinthu zotere sizingasinthe m'midzi yathu. Koma m'boma la Dedza ku Malawi, loyandikana ndi Angónia, kumene anthu amalankhula chinenero chathu ndi kusunga miyambo yonga yathu, kunali mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto. Mayiyu anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27 asanaitanidwe kudzalowa ufumu. Ataona atsikana a zaka 12 atabereka ana kumbuyo, anasonkhanitsa mafumu ake aang'ono nawasainitsa pangano loletsa maukwati a ana. Amene anaphwanya panganoli anawaimitsa paufumu kufikira atathetsa maukwatiwo. Pa zaka zitatu zokha anathetsa maukwati oposa 800 nabweza anawo kusukulu, ndipo ena anawalipirira ndi ndalama zake. Anaopsezedwa, koma sanabwerere m'mbuyo mpaka imfa yake mu 2025. Ngati mfumu imodzi inatha kuchita zimenezi ndi ndodo ya ufumu, nanga mipingo yonse ya m'dera limodzi itagwirizana ingachite zotani?

Tichite chiyani tsono?

Abusa ndi akulu a mpingo, tisalembe kapena kulengeza ukwati uliwonse tisanaone chikalata cha kubadwa cha onse awiri, ndipo ngati palibe titsegule buku la mpingo. Tilimbikitsenso makolo kulembetsa ana kuboma akangobadwa. Komabe tidziwe kuti maukwati ambiri a ana safika kuguwa. Amangolowana, ankhoswe n'kudzakambirana pambuyo. N'chifukwa chake bwalo la akulu liyenera kugamula poyera kuti Mkhristu asakhale nkhoswe ya ukwati wa mwana, asalandire mphatso yake, ndipo asadye nawo phwando lake. Mkulu aliyense akamayendera dera lake afunse ana aakazi amene asowa kusukulu ndi kukalasi, asanathe mwezi.

Pa nkhani ya mwambo wa mpingo tiyese ndi muyeso umodzi. Si chilungamo kuti mtsikana wa zaka 15 aimitsidwe pamaso pa mpingo, pamene bambo amene anamuononga akukhalabe pa mpando wa kutsogolo. Mau a Ambuye pa Mateyu 18 onena za wokhumudwitsa wamng'ono ndi oopsa koposa, ndipo akulunjika kwa wamkuluyo. Tidziwenso kuti kulapa pamaso pa bwalo la mpingo sikuthetsa mlandu wa kuboma. Bwalo lathu limasamala za moyo wauzimu wa wochimwayo, koma lilibe mphamvu yobisa mlandu wa kugwirira mwana.

Amayi a chigwirizano ndi alangizi, inu ndinu amene mumakhala ndi namwali pa tsiku loyamba. Mau anu pa tsikulo amalemera kuposa ulaliki khumi wa abusa. Muuzeni za ukhondo, za kudzisunga ndi za ulemu, koma muuzeninso kuti akadali mwana, kuti malo ake ndi kusukulu, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana ndi woulula aliyense womugwira mosayenera, kaya ndi mphunzitsi, mbale kapena munthu wa mumpingo. Malangizo a m'banja adikire tsiku la ukwati. Atsikana ena amajomba kusukulu masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa nsalu zoyenera, ndipo iyi ndi ntchito imene gulu la amayi lokhala ndi makina amodzi osokera lingaithe.

Atumiki osunga chuma cha mpingo, kumbukirani kuti udindo wanu unayamba pa Machitidwe 6 chifukwa cha amasiye amene ankaiwalika pogawa chakudya. Pa zopereka za masika tipatule matumba angapo a chimanga osungira mabanja amene adzavutike mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene mayesero okwatitsa mwana amakula. Munda wa mpingo wa soya kapena nyemba ungagule makope, yunifomu, kapena njinga ya mtsikana amene sukulu yake ya sekondale ili kutali. Mutu umodzi susenza denga, koma mabanja 50 angasunge ana atatu kapena anayi pasukulu.

Abambo ndi anyamata, popanda mwamuna wofuna mwana sipangakhale ukwati wa mwana. Tiziikamba nkhaniyi m'misonkhano yathu mosabisa mau. Mnyamata wobwera ndi ndalama kuchokera ku Joni kapena ku migodi ya Moatize amve kwa abambo anzake kuti kufunsira mwana wa sukulu n'chamanyazi ndiponso ndi mlandu.

Ndipo tonsefe, tikamva kuti mwana wina akukonzedwera ukwati, tiyambe ndi kulankhula ndi makolo ake mwachikondi, tili awiri kapena atatu. Akakana kumva, tidziwitse mfumu ndi mkulu wa sukulu. Zikakanikabe, kupolisi kuli ofesi yolandira madandaulo a mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, kuboma kuli a Acção Social, ndipo pali nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança, imene aliyense angaimbe. Kuchita zimenezi si ukazitape kapena kudana ndi mbale. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mau kwa amene anakwatiwa ali ana

M'mipingo mwathu muli amayi ambiri okhulupirika amene analowa m'banja ali ndi zaka 14 kapena 15, ndipo lero ali ndi ana ndi zidzukulu. Nkhani ino sikuwanyoza iwo kapena mabanja awo. Mulungu wawasunga, ndipo iwo ndi amene angaphunzitse ana athu bwino koposa, chifukwa njirayo anaiyenda ndi mapazi awo. Ngati pali mlongo wodwala fisitula amene akubisala, timufunefune, timuperekeze kuchipatala, ndipo timukhazike pakati pathu m'tchalitchi. Yesu sananyansidwe ndi mayi uja wodwala nthenda yotaya magazi zaka 12, koma anamutcha mwana wake pamaso pa khamu lonse.

Mtengo wake

Ndisakunamizeni kuti ntchitoyi ndi yopepuka. Mkulu wa mpingo amene akana kukhala nkhoswe adzatchedwa wonyada. Mayi amene akanene kwa mfumu adzasalidwa pachitsime. Mpingo umene udzudzula munthu wachuma ungathe kutaya malata amene analonjeza. Mbusa angathe kuuzidwa kuti asiye za m'mabanja a eni ake, azingolalikira Uthenga. Koma Uthenga umene timalalikira ndi wa Iye amene anati chimene tachitira mmodzi wa ang'onong'ono ake tachitira Iye, ndipo chimene tamumana tamana Iye, monga tiwerenga pa Mateyu 25. Mneneri Amosi anachenjeza Aisraele kuti Mulungu anatopa ndi nyimbo ndi maphwando awo chifukwa chilungamo chinasowa pa mabwalo awo. Makwaya athu amaimba bwino, ndipo tiyamika Mulungu chifukwa cha iwo, koma Iye amamvanso kulira kwa mwana amene watsekeredwa m'nyumba ya munthu wa msinkhu wa atate ake.

Pempho langa n'lakuti bwalo la akulu la mpingo uliwonse, pa msonkhano wake wotsatira, liike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana, liwerenge pamodzi Nehemiya 5, ndipo lilembe maina a atsikana a m'dera lake amene asiya sukulu chaka chino. Pa dzina lililonse pasankhidwe mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi okayendera banjalo mwezi usanathe. Ambuye atipatse mtima wolimba ndi wachifundo, kuti ana athu aakazi akule, aphunzire, ndipo pa nthawi yake adzalowe m'banja mwa kufuna kwawo ndi mwa dalitso la Mulungu. Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale nanu nonse.